Mau ndi Matanthauzo Ake: Propetes, Phuma Limene Linaika Efeso Pangozi

Cipangano Catsopano cinalembedwa m'cinenero ca Cigiriki, cimene mabuku akale a Cinyanja amacicha Cihelene. Pakati pa mau oculuka a m'bukulo pali liu limodzi limene lipezeka kawiri kokha, koma liri ndi phunziro loyenera khomo liri lonse ndi bwalo liri lonse la milandu. Liu limenelo ndi propetes. Lipezeka pa Macitidwe a Atumwi 19:36 ndi pa 2 Timoteo 3:4, ndipo pa malo onse awiri likamba za kucita cinthu mwaphuma, munthu asanalingalire za kumene cinthuco cidzathera.

TANTHAUZO LAKE

Liu limeneli linapangidwa ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi pro, kutanthauza kutsogolo. Mbali yaciwiri icokera ku liu la Cigiriki lotanthauza kugwa. Motero tanthauzo lake loyamba ndi cinthu cimene capendekera kutsogolo ndipo cirikugwa. Agiriki akale ankanena liuli pa munthu wogwa cafufumimba, ndipo ankalinenanso pa munthu amene mtima wake umathamanga ndi kusiya nzeru m'mbuyo.

Ali yense amene anatsikapo citunda pa njinga yopanda mabuleki, atamanga thumba la cimanga kumbuyo, adziwa cimene liuli linena. Pamwamba pa citunda munthu akhoza kuima, kutsika, ndi kuyenda pansi akugwira njinga yake. Koma akangoyamba kutsetsereka, kulemera kwa katundu ndiko kumamtenga, ndipo angakhale aone dzenje kutsogolo sathanso kulilewa. Munthu wa propetes ali cimodzimodzi. Kanthawi kosankha kanalipo paciyambi, iye anakalumpha, ndipo zotsatira zake zimangomkoka.

Cinyanja ciri ndi mau atatu amene anthu amawasokoneza pokamba za khalidwe lotere: cangu, liuma ndi phuma. Munthu wacangu ndi mlimi amene abzala ndi mvula yoyamba cifukwa munda anausosa kale ndipo mbeu anazisankha m'cilimwe. Kufulumira kwake kwacokera m'kukonzekera. Munthu waliuma ndi uja amene amamva uphungu wonse koma osasuntha pamene waima. Munthu waphuma ndiye amanyamuka asanamve nkhani kufikira kumapeto kwake. Mwa atatuwa, propetes ali pafupi kwambiri ndi waphuma, ngakhale kuti liuma limatsatira pambuyo, pakuti wogwa camutu kawirikawiri amakana dzanja la wofuna kumgwira.

ZIMENE ZINACITIKA KU EFESO

Malo oyamba pamene liuli lipezeka ndi m'nkhani ya cipolowe ca ku Efeso. Efeso unali mzinda waukulu wa malonda m'cigawo cimene Aroma ankacicha Asiya, kugombe la kumadzulo kwa dziko limene lero lichedwa Turkey. Mabwinja ake ali pafupi ndi tauni ya Selçuk. Ulemerero wa mzindawo unali kacisi wa mulungu wamkazi Artemi, nyumba imene anthu akale anaiwerengera pa zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko lapansi. Wolemba wa Ciroma, Pliny, anasimba kuti kacisiyo anali ndi nsanamira 127, ndipo kutalika kwa iri yonse, mwa muyeso wa masiku ano, kunali pafupifupi mamita 18. Anthu opembedza Artemi ankagula tiakacisi tating'ono ta siliva, ndipo mabanja ambiri a amisiri ankadya za malonda amenewa.

Mtumwi Paulo anakhala mumzindamo zaka zoposa ziwiri, capakati pa caka ca 52 ndi ca 55 Yesu atabadwa. Iye ankaphunzitsa kuti cinthu cosemedwa kapena cosulidwa ndi munthu sicingakhale mulungu, ndipo anthu ambiri anamvera ciphunzitso cimeneci. Pamenepo Demetriyo, wosula siliva amene ankapatsa amisiri ambiri nchito, anaitana anzake kumsonkhano. Coyamba anawakumbutsa kuti cuma cao cicokera ku nchito imeneyi, ndipo pambuyo pake ndi pamene anachula za ulemu wa Artemi. Nkhani inayamba ndi thumba la ndalama, koma pofika kumseu inali itabvala malaya a cipembedzo.

Amisiri aja anapsa mtima nayamba kupfuula, ndipo posakhalitsa mzinda wonse unali pa cisokonezo. Khamu linagwira Gayo ndi Aristako, amuna a ku Makedoniya amene ankayenda ndi Paulo, ndi kuthamangira nao ku bwalo la masewero. Bwalo limeneli likalipo kufikira lero m'mbali mwa phiri, ndipo akatswiri amati munkalowa anthu pafupifupi 25,000. Luka, wolemba buku la Macitidwe, asimba kuti mopfuula muja munalibe kumvana, ndi kuti oculuka a iwo akadafunsidwa cimene cinawabweretsa pamalopo sakadatha kuyankha. Anaona anzao akuthamanga, iwonso anathamanga.

Myuda wina dzina lake Alesandro anakankhidwira kutsogolo, ndipo anatukula dzanja kupempha kuti alankhule. Anthu atazindikira kuti anali Myuda anamtseka pakamwa ndi phokoso, natamanda Artemi ndi mau amodzimodzi kwa maora pafupifupi awiri. Kufikira pamenepa panalibe amene anafunsa cimene Gayo ndi Aristako analakwa.

MAU A MLEMBI WA MZINDA

Amene anatontholetsa khamulo ndi mlembi wa mzinda. Ameneyu sanali kalaliki wamba. Anali mmodzi wa akuluakulu oyendetsa mzinda, wosunga zolembedwa zake, wobweretsa nkhani ku msonkhano wa nzika, ndiponso woyankha kwa Aroma ngati zinthu zalakwika. Sanali Mkristu, ndipo Luka sanalembe dzina lake. Komabe liu la propetes linaturuka pakamwa pa munthu ameneyu, ndipo mau ake onse asonyeza mmene phuma limaletsedwera. Anakamba zinthu zinai.

Coyamba, anayamba ndi cimene onse anali kubvomerezana. Anawakumbutsa kuti palibe munthu wosadziwa kuti Efeso ndiye wosunga kacisi wa Artemi. Popeza palibe wotsutsa zimenezo, panalibe cifukwa copfuulira. Apa ndi pamene anawalangiza kuti adekhe ndi kulewa kucita kanthu ka propetes. Iye sananyoze cimene anthuwo ankakonda, anangowaonetsa kuti sicinali pangozi monga anauzidwira.

Caciwiri, anafunsa za umboni. Amuna awiri amene anagwidwawo sanabe kanthu m'kacisi ndipo sanatukwane mulungu wa mzindawo. Khamu linali litagwira anthu lisanapeze mlandu.

Cacitatu, anawalozera njira. Ngati Demetriyo ndi amisiri anzake anali ndi dandaulo pa munthu wina, makhoti analipo ndipo abwanamkubwa a Aroma analipo oweruza. Ngati panali nkhani ina yokhudza mzinda wonse, inayenera kukambidwa pa msonkhano wololedwa ndi lamulo. Mlembiyo sananene kuti amisiri analibe bvuto. Malonda ao analidi pangozi. Iye anangokana kuti bvutolo lithetsedwe ndi manja a khamu.

Cacinai, anawaonetsa mathero. Anawacenjeza kuti mzinda wonse ukhoza kuimbidwa mlandu wa cipolowe cifukwa ca za tsikulo, ndipo sipadzakhala coyankha. Atatero anabalalitsa msonkhano, anthu napita kwao. Luka sachula za imfa iri yonse, ndipo Aristako aonekanso m'mitu yotsatira akuyenda ndi Paulo, ngakhale pa ulendo wa pa nyanja wopita ku Roma.

Mantha a mlembiyo sanali opanda pake. Aroma ankalola mizinda ina kudzilamulira pa nkhani zake, koma ankalanda ufulu umenewo mzinda ukalephera kusunga bata. M'caka ca 20 Yesu asanabadwe, mfumu Augustus inalanda ufulu wa mzinda wa Cyzicus cifukwa nzika za Roma zinakwapulidwa ndi kuphedwa pa cisokonezo ca kumeneko. M'caka ca 44 Yesu atabadwa, mfumu Claudius inacita cimodzimodzi ndi cisumbu ca Rhodes, zaka pafupifupi khumi cabe cipolowe ca ku Efeso cisanacitike. Anthu amene ankaganiza kuti alikuteteza ulemu wa mzinda wao ndiwo anatsala pang'ono kuutayitsa ufulu wake.

NGAKHALE PAULO ANAFUNIKA WOMGWIRA

M'nkhaniyi muli kanthu kena kamene owerenga ambiri amakapitirira. Paulo atamva kuti anzake agwidwa anafuna kulowa m'bwalo muja kukaima pamaso pa khamu. Cifuniro cake cinali cabwino, pakuti sanafune kuti ena abvutike m'malo mwake. Koma ophunzira anamletsa, ndipo akuluakulu ena a cigawo ca Asiya amene anali abwenzi ake anatumiza uthenga womdandaulira kuti asalowe. Paulo anamvera. Akadaonekera pamaso pa anthu okwiya aja, mwina mlembi sakadapezanso mpata wolankhula.

Izi zisonyeza kuti mtima wofuna kuthamanga umafikira munthu ali yense, ngakhale wolungama ndi wolimba mtima. Kusiyana kwa Paulo ndi khamu lija kunali kwakuti iye anali ndi anthu omgwira pa mkono, ndipo anawalola kuti amgwire. Alesandro atatukula dzanja, khamu linakana kumva. Ophunzira atatukula dzanja, Paulo anaima.

M'KALATA YA KWA TIMOTEO

Malo aciwiri pamene liuli lipezeka ndi pa 2 Timoteo 3:4, m'ndandanda wa makhalidwe oipa a anthu a masiku otsiriza. Kalata yoyamba ya kwa Timoteo isonyeza kuti mnyamatayu anasiyidwa ku Efeso kuyang'anira mpingo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti kalata yaciwiri inampezanso komweko. Ngati ndi tero, malo onse awiri a liuli akhudza mzinda umodzi.

Cofunika kuona ndi anansi a liuli m'ndandandamo. Kumbuyo kwake kuli liu lonena za anthu opereka anzao, ndipo kutsogolo kwake kuli liu lonena za odzitukumula, limene muzu wake m'Cigiriki ndi utsi, monga munthu amene utsi wa kudzikuza wamphimba m'maso. Anthu ambiri amayesa phuma ngati kacilema kakang'ono ka cibadwa, namati uje ndi wamtima wapacala, musiyeni. Wolemba kalatayi anaika phuma pakati pa ciwembu ndi kunyada. Cifukwa cake cioneka poyera: munthu waphuma amakhulupirira maganizo ake oyamba kotero kuti saona cifukwa cofunsira wina, ndipo pothamanga pake amaponda ngakhale abale ake.

PHUMA LA PAKAMWA

Liu limeneli lipezekanso m'Cipangano Cakale ca Cigiriki cochedwa Septuagint, cimene Ayuda a ku Alexandria m'dziko la Egypt anayamba kumasulira kucokera m'Cihebri zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Liri pa Miyambo 10:14 ndi pa Miyambo 13:3, ndiponso pa mutu 9 ndime 18 ya buku la Sira, limene liri m'Baibulo la Akatolika. Pa malo onse atatuwa liuli lamangidwa pamodzi ndi pakamwa, milomo kapena kalankhulidwe. Phunziro lake ndi lakuti wolankhula mwaphuma amadziitanira cionongeko, amadzibweretsera mantha, ndipo anthu amadana naye.

Omasulira aja anaona bwino kuti kugwa camutu kumayamba ndi lilime. Ku Efeso miyendo isanathamange, panali msonkhano wa amisiri ndi mau a munthu mmodzi. Pamudzi ziri cimodzimodzi. Nkhuku ikasowa, mwana akadwala mwadzidzidzi, kapena ng'ombe ikafa, pamakhala wina woyamba kuchula dzina la munthu. Dzinalo likangoturuka, limayenda pa citsime, pa cigayo ndi pa mowa, ndipo wolichula sathanso kulibweza. Makolo anati madzi akatayika saoleka.

ZIMENE ANANENA ARISTOTLE

Agiriki anali kulingalira za khalidwe limeneli Cipangano Catsopano cisanalembedwe. Aristotle, munthu wanzeru amene anakhala ndi moyo kuyambira caka ca 384 kufikira ca 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa kuti kulephera kudziletsa kuli mitundu iwiri. Pali munthu wofooka, amene amalingalira bwino, nadziwa coyenera kucita, koma cilakolako cikafika amalephera kusunga cimene anatsimikiza. Palinso munthu wa propeteia, ndilo dzina la khalidwe la propetes, amene salingalira ndi pang'ono pomwe. Mkwiyo kapena cilakolako cimamtenga asanakhale pansi.

Aristotle anasiyanitsanso phuma ndi kulimba mtima. Iye anaona kuti anthu odzionetsa ngati opanda mantha amakhala aphuma ngozi isanafike, koma ikafika amabwerera m'mbuyo, pamene olimba mtima enieni amakhala odekha poyamba ndi acangu pa nthawi ya nchito. Zimenezi zioneka kuli konse kumene khamu lacita ciwawa. Amene anali patsogolo ndi mwala m'manja ndiye amayamba kuthawira kuthengo apolisi akafika, ndipo pa khoti amakana kuti sanalipo. Ku Efeso, munthu wolimba mtima koposa onse anali uja amene anaima yekha pamaso pa zikwi za anthu ndi kuwauza kuti adekhe.

PHUNZIRO LA MASIKU ANO

Dziko la Zambia linaona zofanana ndi za ku Efeso m'miyezi yoyamba ya caka ca 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, imene inayambira ku Chingola, inafalikira m'zigawo zina. Mantha a anthu anali enieni, monga mmene nkhawa ya amisiri a Demetriyo inaliri yeniyeni. Koma magulu a anthu anayamba kugwira ali yense wokayikitsa, makamaka alendo osadziwika pamalopo, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa osaweruzidwa ndi khoti liri lonse. Pamalo pamene zimenezi zinacitika panasowa mlembi wa mzinda, kapena analipo koma sanamvedwe.

Kumidzi bvuto lotere limabuka kawirikawiri pa nkhani za umbala ndi za ufiti, ndipo amene amabvutika ndi okalamba, amasiye ndi alendo. Lamulo la dziko lino lochedwa Witchcraft Act limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kumenya kapena kupha munthu woganiziridwa kuti waba ndi mlandunso, ngakhale atakhala kuti anabadi. Kuli anduna, kuli mafumu, kuli makhoti ndipo kuli apolisi. Nthawi zina njira zimenezi zimacedwa, ndipo wodandaula amatopa ndi kudikira. Koma makolo anati mlandu suola. Mlandu wocedwa ukhoza kukambidwa mwezi wamawa, pamene munthu wophedwa molakwika sabwerera, ndipo pepani sapoletsa cilonda.

Phuma silipezeka m'khamu mokha. Liri mwa bambo amene amva mphekesera za mkazi wake nathetsa ukwati usiku womwewo, ankhoswe asanaitanidwe. Liri mwa mlimi amene agulitsa cimanga conse ca m'nkhokwe atangokolola cifukwa waona ndalama m'manja mwa wogula, osawerenga miyezi imene yatsala kuti afike ku zokolola zina. Liri mwa mai amene akwapula mwana asanamve mbali yake, ndi mwa mnyamata amene asaina cikalata ca ngongole osaciwerenga. Onsewa anali ndi kanthawi koima pamwamba pa citunda. Safunsa anadya phula.

Mau a mlembi wa ku Efeso asiya mafunso atatu amene munthu ali yense akhoza kufunsa mtima ukayamba kutentha. Kodi munthuyu wacita ciani kwenikweni, ndipo anamuona ndani? Kodi bwalo loyenera kumva nkhani imeneyi liri kuti? Kodi mawa kukaca, adzayankha za zimenezi ndani? Mafunso amenewa satenga nthawi yaitali, ndipo wocita cinthu coyenera sataya kanthu powafunsa. Amene amawaopa ndi uja yekha amene nkhani yake singaime pamaso pa mboni.

Pamudzi pali ponse pafunika anthu onga ophunzira aja amene anagwira Paulo, ndi onga mlembi uja amene analankhula anthu onse alikupfuula. Nchito imeneyi si ya mafumu ndi akulu a mpingo okha. Mbuya wokhala pa khonde, mphunzitsi wa pa sukulu, kapena mnansi wongodutsa akhoza kunena kuti nkhaniyi igone, ikambidwe mawa pamaso pa anduna. Wonena zotere amaoneka ngati wamantha pa tsikulo, ndipo ena amamuyesa mnzake wa wolakwa. Koma mau a akulu akoma akagonera, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha.

Kacisi wa Artemi anagwa kalekale. Malo ake anaiwalika kufikira pamene Mngelezi John Turtle Wood anawafukula m'caka ca 1869, ndipo lero pamalopo paima nsanamira imodzi yokha. Za Demetriyo ndi malonda ake sizimvekanso. Koma uphungu wa mlembi wopanda dzina uja ukali kuwerengedwa m'zinenero zambiri, ndi Cinyanja comwe, ndipo banja liri lonse limene liri ndi Baibulo likhoza kuuwerenga lokha pa mutu 19 wa Macitidwe a Atumwi.